Sync yafufuta mafayilo anu? Dulani kaye intaneti, kenako tsatani njira izi

Kunali kumapeto kwa Meyi, msika wa fodya ku Chinkhoma uli pachimake, pamene mlembi wa kalabu ina ya alimi kumbali ya Chulu anatulukira pashopu yanga pa Kasungu boma atakumbatira laputopu ngati mwana wodwala malungo. Benchi ndinawalozera, koma sanakhale.

"Achimwene, zapita zonse. Mayina a mamembala, ngongole ya feteleza, mabelo amene aliyense watumiza ku okushoni, palibe chatsala."

"Pepani bambo. Kodi simunasunge kwina?"

"Zinali pa intaneti. Ndapitako, nakonso zatha psiti."

Nkhani yake inali yotere. Kumayambiriro kwa Epulo, ana ali pa holide, mphwawo wa Fomu 3 ankafuna malo oikamo mafilimu koma laputopu inali itadzaza. Ataona foda yaikulu ya kalabu anafunsa, amalumewo n'kuyankha kuti fufuta, zimenezo zili kale pa intaneti. Mnyamata anafufuta, n'kukhuthulanso Recycle Bin kuti malo apezeke. Kumudzi analibe bandulo, choncho kwa masiku angapo palibe chinachitika. Tsiku limene bambowa anagula bandulo n'kuyatsa hotspot ya foni, pulogalamu ya sync, imene imafananitsa mafayilo a pa kompyuta ndi a pa intaneti, inaona kuti foda yachoka pa laputopu, nayo n'kukaichotsa pa intaneti. Sinalakwitse. Inagwira ntchito imene anaipangira.

Ambirife timaganiza kuti Google Drive, OneDrive kapena Dropbox ndi nkhokwe: waikamo chimanga, watseka, chizikhala momwemo mpaka udzachifune. Mapulogalamuwa akaikidwa pa kompyuta kuti azichita sync, sakhalanso nkhokwe. Amakhala kalilole. Ukavala chipewa, munthu wa m'kalilole wavala. Ukameta mpala, nayenso ndi mpala. Mukafufuta fayilo pamakina amodzi, lamulo lofufutalo limapita pa intaneti, kenako limatsikira pa kompyuta ndi foni iliyonse imene ili pa akaunti imeneyo.

Amati madzi akatayika saoleka. Pa nkhani iyi ambiri amaoleka, bola musapondepo.

Choyamba: dulani intaneti, musakhudze kanthu

Musanayambe kufufuza kuti walakwa ndani, zimitsani hotspot pa foni, zimitsani MiFi kapena rauta, zulani chingwe cha netiweki ngati chilipo. Yambani ndi kumene intaneti ikuchokera, osati pa kompyuta. Chifukwa chake n'chakuti laputopu imakumbukira hotspot imene inagwiritsapo ntchito, ndipo mukangoiyatsa imadzilumikiza yokha inu musanapeze n'komwe batani la Wi-Fi. Masekondi ochepa amenewo ndi okwanira kuti lamulo lofufuta lifike.

Izi n'zofunika kwambiri pa kompyuta ina iliyonse ya pa akaunti yomweyo imene ili chizimire: ya ku ofesi, ya kunyumba, yakale imene ili pamwamba pa kabati. Kompyuta imeneyo sinamve kuti mafayilo afufutidwa. Ikadali nawo. Osaiyatsa pamalo pamene ingagwire netiweki.

Pa kompyuta imene vuto lachitikira, imitsani sync. Pansi kumanja, pafupi ndi wotchi, pali kachizindikiro ka pulogalamuyo. Pa OneDrive ndi kamtambo: dinani pamenepo, kenako pa kagiya, musankhe Pause syncing. Imakupatsani maola 2, 8 kapena 24, ndipo nthawiyo ikatha imayambiranso yokha osakufunsani, ndiye sankhani 24 n'kukumbukira. Pa Google Drive ndi Dropbox mawu a Pause aliponso pa kachizindikiro komweko. Ngati simukuwapeza, itsekeni pulogalamuyo podina Quit.

Pali zinthu zimene anthu amachita mtima uli m'mwamba zimene zimawononga kuposa vuto loyambalo. Musachotse pulogalamu ya sync pa kompyuta n'kuiikanso. Musadine Disconnect account kapena Unlink this PC. Musayendetse mapulogalamu oyeretsa kompyuta, chifukwa ntchito yawo ndi kukhuthula malo omwewo amene tikufuna kukasakamo. Mu Novembala 2023, pamene anthu ena ogwiritsa ntchito Drive for desktop (pulogalamu ya Google Drive ya pa kompyuta) ya nambala 84 anapeza mafayilo awo asowa, langizo loyamba la Google linali lomweli: osadula akaunti, osafufuta kapena kusuntha foda ya pulogalamuyo yotchedwa DriveFS. Patapita masiku anatulutsa njira yobwezeretsera imene inkadalira zimene zinali m'foda imeneyo. Amene anafulumira kuyeretsa anadzitsekera khomo.

Ndipo lekani kusunga zinthu zatsopano pa kompyutayo. Osakopera mafilimu, osatsitsa mapulogalamu. Chifukwa chake tichiona kutsogoloku.

Kenako tengani cholembera mulembe tsiku limene mafayilo anafufutidwa, osati limene mwazindikira. Zonse zotsatirazi zikuyendera kuwerenga masiku.

Chachiwiri: kodi afufutidwadi?

Pa foni, kapena pa kompyuta ina imene ilibe pulogalamu ya sync ya akaunti yanu, tsegulani Chrome kapena bulawuza iliyonse mulowe pa drive.google.com, onedrive.com kapena dropbox.com. Kulowa kudzera pa bulawuza sikufufuta kanthu.

Yambani ndi kuona ngati mwalowa ndi akaunti yoyenera. Musaseke. Anthu ambiri kuno ali ndi ma Gmail awiri kapena atatu, ina anawatsegulira mnyamata wa pashopu ya mafoni tsiku limene anagula foni, ina anatsegula okha atayiwala pasiwedi ya yoyambayo. Ndaonapo anthu akulira mafayilo amene ali bwinobwino mu akaunti inayo.

Mukatsimikiza akaunti, lembani dzina la fayilo imodzi imene mukuikumbukira m'bokosi lofufuzira. Nthawi zambiri foda sinafufutidwe, inangokokedwa ndi mausi n'kugwera m'kati mwa foda ina. Pa Google Drive pali kachizindikiro ka chilembo i kumanja chakumwamba. Mukadina pamenepo n'kusankha Activity, mumaona mndandanda wa zimene zachitika: wasuntha ndani, wafufuta ndani, tsiku liti. M'foda imene mumagwiritsa ntchito anthu angapo, apa ndi pamene choonadi chimatulukira. Ngati fayilo yanu inali m'foda ya munthu wina ndipo mwini fodayo waifufuta, yesani kulemba is:unorganized owner:me m'bokosi lofufuzira, imaonetsa mafayilo anu amene atsala opanda foda.

Chachitatu: dzala la pa intaneti

Fayilo ikafufutidwa ndi sync siitayika tsiku lomwelo. Imapita kudzala, ndipo dzalalo lili ndi masiku ake.

Pa Google Drive limatchedwa Trash, pena Bin, ndipo lili kumanzere. Mafayilo amakhalamo masiku 30. Kale ankakhalamo mpaka mwini wake atakhuthula yekha, koma kuyambira mu Okutobala 2020 amachoka okha masiku 30 akakwana. Anthu amene anazolowera Drive yakale amagwa pamenepa. Sankhani mafayilo kapena foda yonse, dinani Restore, ndipo amabwerera pamalo pamene anali. Chofunika kudziwa n'chakuti fayilo imagwera m'dzala la mwini wake. Ngati fayiloyo anaipanga ndi mnzanu n'kukugawirani, m'dzala lanu simuipeza. Muimbireni ayang'ane m'lake.

Pa OneDrive dzina lake ndi Recycle bin. Akaunti yanuyanu imasunga masiku 30. Akaunti ya kuntchito kapena ya kusukulu imasunga masiku 93, pokhapokha ngati oyang'anira makompyuta anasintha, ndipo ili ndi dzala lachiwiri. Mukatsegula Recycle bin, pansi penipeni pali mawu akuti Second-stage recycle bin. Zimene munthu wakhuthula m'dzala loyamba zimagwera mmenemo kwa masiku otsala pa 93 aja. Aphunzitsi ndi ogwira ntchito m'mabungwe ambiri sadziwa kuti kalipo, chifukwa kamalembedwa ndi zilembo zing'onozing'ono.

Ngati mumalipira Microsoft 365, muli ndi chida china champhamvu. Pa tsamba la OneDrive dinani kagiya, mupeze Restore your OneDrive. Chimabweza OneDrive yonse mmene inalili tsiku lililonse limene mungasankhe m'masiku 30 apitawo. Chimathandiza pamene mafayilo afufutidwa mazanamazana m'mafoda osiyanasiyana, oti kuwatola imodziimodzi mungachezere. Koma samalani: chimabweza zonse, ndiye ntchito yabwino imene mwagwira pambuyo pa tsiku limenelo nayonso imabwerera m'mbuyo. Tsitsani kaye mafayilo atsopanowo muwasunge padera.

Pa Dropbox yang'anani Deleted files kumanzere. Akaunti yaulere ndi ya Plus zimasunga masiku 30, za bizinesi zimafika masiku 180 kapena kuposa. Olipira ali ndi Rewind, imene imagwira ntchito ngati ya OneDrive ija, koma ingathe kubweza foda imodzi yokha. Pa iCloud ndi Recently Deleted, masiku 30.

Zithunzi za pa foni nkhani yake ndi yomweyi. Munthu amafufuta zithunzi mu Google Photos poganiza kuti akuchepetsa katundu pa foni, osadziwa kuti akufufutanso za pa intaneti. Dzala la Google Photos limasunga masiku 60 zithunzi zimene zinali zitakwera kale pa intaneti, ndi masiku 30 zimene zinali pa foni pokha. Wofuna malo pa foni adine Free up space, osati chizindikiro cha bini.

Mukabwezeretsa, musathamangire kuyatsa sync. Tsegulani mafayilo angapo pa bulawuza pomwepo muone kuti ali bwino, kenako tsitsani foda yonse pa fulashi. Zidya bandulo, inde, koma muli ndi kope limene pulogalamu iliyonse singalikhudze.

Bambo a ku Chulu aja titawerenga masiku, anali atadutsa 45. Dzala linali lopanda kanthu.

Chachinayi: pa makompyuta penipeni

Tsegulani Recycle Bin ya pa kompyuta iliyonse ya pa akauntiyo, osati yokhayo imene munafufutirapo. OneDrive ikalandira lamulo lofufuta kuchokera pa intaneti, fayilo imene inali pa kompyutayo imaiponya mu Recycle Bin ya Windows. Dzala limeneli silitsatira masiku 30 a pa intaneti aja, limakhala mpaka litadzaza kapena wina atakhuthula, pokhapokha ngati Storage Sense, kachida ka Windows koyeretsa disiki kokha, ndi yoyatsa. Dinani pamutu wakuti Date Deleted kuti mafayilo aime motsatana masiku, ndipo onse amene anapita nthawi imodzi aonekera pamodzi.

Pali chinthu chimodzi chimene chimasokoneza. Pa OneDrive, fayilo imene ili ndi kamtambo kabuluu pambali pake siili pa kompyuta yanu, lilipo ndi dzina lokha. Imene ilidi pa disiki ndi imene ili ndi kachongi kobiriwira. Ya kamtambo ikafufutidwa simuipeza mu Recycle Bin ya kompyuta, ndipo palibe pulogalamu imene ingaifukule pa disiki chifukwa sinakhalepo. N'chimodzimodzi ndi Google Drive ikakhala pa Stream files: mafayilo amakhala pa intaneti, kompyuta imangowaonetsa. Pa Mirror files m'pamene amakhala konsekonse.

A Dropbox ali ndi kamalo kena kobisika. M'kati mwa foda ya Dropbox muli foda yotchedwa .dropbox.cache, imene nthawi zina imasunga mafayilo ofufutidwa kumene. Imadziyeretsa pa masiku 3 alionse, ndiye ndi yothandiza amene azindikira msanga. Kuti muione, mu File Explorer dinani View muyatse Hidden items. Ogwiritsa ntchito Syncthing, imene imalumikiza makina awiri popanda kudzera kwa kampani iliyonse, ayang'ane foda ya .stversions. Imakhalapo pokhapokha ngati File Versioning inayatsidwa, ndipo siibwera yoyatsa.

Yesaninso kudina kumanja pa foda imene munali mafayilowo, musankhe Properties, kenako Previous Versions. Ngati File History, njira ya Windows yosungira makope akale a mafayilo, inkagwira ntchito, muona masiku oti mubwerereko. Makompyuta ambiri amene ndimawaona mulibe kanthu mmenemo, koma kuyang'ana sikutenga mphindi.

Tsopano kompyuta yozimitsa ija. Ndinawafunsa bambowa ngati panali makina ena amene anayamba alowapo mu akaunti ya kalabu. Anaganiza kanthawi.

"Ilipo yakale ija ya patebulo, kwa atcheya. Koma inasiya kuyaka mu Febuluwale, batire la sola linafa. Ndiwauze abwere nayo, tiilumikize tione?"

"Abwere nayo, koma foni yanuyo ikhale yozimitsa isanalowe pakhomo pano."

Inabwera mawa lake pa kabaza wa njinga yamoto, itakulungidwa m'chitenje, fumbi lili kathithi m'mafani. Tinaiyatsa popanda netiweki iliyonse. Foda ya kalabu inalipo yathunthu, mmene inalili mu Febuluwale. Batire la sola lakufa lija ndi limene linawapulumutsa.

Mukapeza zoterezi, chochita n'chimodzi: koperani foda yonseyo pa fulashi kapena pa hadi disiki yapadera, osati Cut koma Copy. Musaikopere pa Desktop kapena mu Documents ya kompyuta yomweyo, chifukwa pa makompyuta ambiri a Windows 10 ndi 11 mafoda amenewo nawonso ali m'manja mwa OneDrive. Mukamaliza, zulani fulashiyo, muitsegule pa makina ena muone kuti mafayilo akutseguka. Mukatero m'pamene kompyuta yakaleyo ingaone intaneti.

Fayilo ilipo koma m'kati mwake si momwemo

Nthawi zina sync siifufuta, imaphimba. Wina watsegula kope lakale la Excel pa kompyuta ina, wasunga, ndipo lakalelo lakwera pamwamba pa latsopano. Apa dzala silithandiza, chofunika ndi mbiri ya fayiloyo. Pa OneDrive ndi Dropbox dinani kumanja pa fayilo musankhe Version history. Pa Google Drive, mafayilo a Word, Excel ndi PDF ali ndi Manage versions, imene imasunga makope akale kwa masiku 30 kapena mpaka atakwana 100, pokhapokha mutadina Keep forever pa kope limene mukulifuna. Za Google Docs ndi Sheets zili pa File, kenako Version history. Tsitsani kaye kope lakalelo mulione musanadine Restore.

Yang'ananinso m'foda yomweyo ngati muli fayilo ya dzina lofanana koma lotalikirapo. Dropbox imawonjezera mawu akuti conflicted copy, OneDrive imawonjezera dzina la kompyuta kumapeto. Anthu amazifufuta poganiza kuti ndi zinyalala, pamene ntchito yawo ya dzulo ili mmenemo.

Masiku akadutsa

Ngati akaunti ndi ya kuntchito kapena ya kusukulu, pitani kwa woyang'anira makompyuta lero lomwe, manyazi asiyeni pakhomo. Pa Google Workspace, imene ndi akaunti za Google za kuntchito ndi kusukulu, woyang'anirayo angathe kubweza mafayilo mpaka masiku 25 kuchokera pamene anachoka m'dzala. Kwa akaunti wamba ya Gmail, pa tsamba la thandizo la Google Drive pali njira yopempha kuti akubwezereni mafayilo amene mwini wake ndi inu. Salonjeza kuti apezeka, ndipo mukachedwa sizitheka.

Kenako ganizirani kumene mafayilowo anayendako. Kodi munatumizirapo munthu pa imelo? Yang'anani mu Sent. Pa WhatsApp? Pa mafoni a Android amakono tsegulani File Manager, mulowe mu Android, media, com.whatsapp, WhatsApp, Media, WhatsApp Documents. M'menemo muli zimene munalandira, ndipo m'foda ya Sent muli zimene munatumiza. Kodi munakasindikizapo pashopu? Makompyuta a m'mashopu ngati yanga amakhala ndi mafayilo a makasitomala pa Desktop kwa miyezi, zimene si zabwino kwenikweni, koma tsiku lotere zimathandiza.

Mafulashi, ndi kufukula pa disiki

Si sync yonse imadzera pa intaneti. Ena amagwiritsa ntchito FreeFileSync kapena lamulo la robocopy lokhala ndi /MIR pofananitsa laputopu ndi disiki yapadera. Njira ya Mirror imapangitsa mbali yakumanja kufanana ndendende ndi yakumanzere, ndiye chilichonse chimene kumanzere kulibe, kumanja chimachotsedwa. Mukasinthanitsa mbali, foda yopanda kanthu imameza yodzaza. Robocopy siidutsa n'komwe ku Recycle Bin. FreeFileSync imayesa kuponya kumeneko, koma fulashi ndi memore khadi zilibe Recycle Bin pa Windows. Hadi disiki yapadera ili nayo, ndiye iloweni muyang'ane kaye.

Musanaganize zofukula fulashi, onani ngati ikuonetsa kuti ndi yodzaza pamene m'kati mukuoneka mopanda kanthu. Zikatero si sync, ndi kavairasi kaja kofala m'mashopu osindikizira, kamene kamabisa mafoda n'kusiya ma shortcut. Tsegulani Command Prompt mulembe attrib -h -r -s /s /d E:\*.* koma m'malo mwa E muike chilembo cha fulashi yanu. Mafoda abwerera.

Ngati afufutidwadi, mvetsani chimene chimachitika. Kompyuta ikafufuta fayilo pa hadi disiki kapena pa fulashi, imangofafaniza dzina m'kaundula n'kulemba kuti malowa ndi aulere. Zili ngati munda umene mfumu yanena kuti ulibe mwini: mbewu zikadalimo mpaka wina adzalimepo. Chilichonse chatsopano chimene mungasunge pa disikiyo chingagwere pamalo omwewo. N'chifukwa chake ndinati musakopere kanthu.

Malamulo ake ndi awiri, ndipo saphwanyidwa. Pulogalamu yofukulira musaiike pa disiki imene mukufuna kufukula. Zimene mwafukula musazisunge pa disiki yomweyo. Ngati mafayilo anali pa C, disiki yaikulu ya m'kompyuta, itsitseni pulogalamuyo pa kompyuta ina, muiike pa fulashi, muiyendetse kuchokera pamenepo, ndipo zofukulazo zipite pa fulashi yachiwiri kapena disiki ina.

Yosavuta kwa oyamba kumene ndi Recuva, yaulere. Imakufunsani mtundu wa mafayilo ndi malo amene anali, kenako imaonetsa mndandanda wokhala ndi timadontho: kobiriwira ndiye kuti fayilo ili bwino, kofiira ndiye kuti yaphimbidwa kale. Ikapanda kupeza, yatsani Deep Scan. Imatha maola, ndiye onetsetsani kuti batire ndi lodzaza kapena magetsi ndi odalirika, chifukwa akazima pakati muyambiranso. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Microsoft ili ndi yake, Windows File Recovery, imene inatuluka mu 2020 ndipo imapezeka mu Microsoft Store. Ndi yolemba malamulo. Mwachitsanzo winfr C: E: /regular /n *.xlsx imasaka mafayilo a Excel pa C n'kuwaika pa E. Pofukula fulashi kapena memore khadi lembani /extensive m'malo mwa /regular. Vuto lake n'lakuti imalowa pa C, ndiye ine ndimaigwiritsa ntchito pofukula mafulashi, osati C yemweyo. Zonse zikakanika pali PhotoRec, yauleretu nayonso. Dzina lisakunamizeni, imafukula ndi zolemba zomwe. Imakumba mozama kuposa zinzake, koma mayina a mafayilo imataya. Mupeza mafoda otchedwa recup_dir odzaza ndi mafayilo a mayina a manambala, ndipo muyenera kutsegula imodziimodzi. Ndi ntchito ya tsiku lathunthu.

Kunena zoona, pa malaputopu amakono okhala ndi SSD, mtundu watsopano wa disiki, chiyembekezo n'chochepa. SSD ili ndi dongosolo lotchedwa TRIM limene limapukuta malo a fayilo yofufutidwa posakhalitsa, nthawi zambiri inu musanazindikire n'komwe. Laputopu ya mlembi uja inali ya SSD, mafilimu a mphwawo atakhalanso pamwamba, ndiye sindinawatayitse nthawi. Munthu akakulonjezani kuti afukula zonse pa SSD bola mulipire kaye, funsani kawiri. Ndipo disiki ikamalira kuti tiki tiki, izimitseni, imeneyo si ya Recuva.

Kuyatsanso sync

Muli ndi kope lanu pa fulashi, mwaizula, ili m'thumba. Tsopano ganizirani kompyuta imene munafufutirapo. Ngati munadula intaneti isanamalize, lamulo lofufuta likadali pamzere, ndipo mukangolumikiza ipitiriza pamene inalekezera. Bwezeretsani kaye mafayilo kuchokera mu Recycle Bin ya kompyutayo apite m'foda yawo, kenako dinani Resume syncing. Yatsani kompyuta imodzi yokha, muidikire imalize, muone pa bulawuza kuti zonse zilipo, m'pamene muyatse yachiwiri.

OneDrive ikaona kuti mafayilo ambiri akufufutidwa nthawi imodzi imatulutsa uthenga wofunsa ngati mukufunadi kuti achoke paliponse. Ambiri amadina osawerenga chifukwa uli m'Chingerezi ndipo akufulumira. Safunsa anadya phula. Uthenga uliwonse wokhala ndi mawu akuti Delete kapena Remove pamodzi ndi nambala yaikulu, imani muitane wina akuwerengereni.

Laputopu ikadzaza, musafufute m'foda ya sync. Pa OneDrive dinani kumanja pa foda musankhe Free up space, imachotsa pa disiki pokha n'kusiya za pa intaneti. Pa Google Drive sinthani kuchoka pa Mirror kupita pa Stream. M'mafoda ogawana, amene ntchito yawo ndi kungowerenga apatseni Viewer, osati Editor. Pa FreeFileSync dinani Compare muwerenge kuti ndi mafayilo angati achotsedwe musanadine Synchronize, ndipo pa Delete files musankhe Versioning kuti zochotsedwa zizipita m'foda ina. Pa Syncthing yatsani File Versioning pa makina onse awiri.

Kalabu ya ku Chulu inagula fulashi ziwiri. Kumapeto kwa mwezi uliwonse mlembi amakopera foda yonse n'kuitcha dzina la mweziwo, osaphimba ya mwezi wathawo. Fulashi imodzi imakhala kwa iwo, inayo kwa msungichuma, m'kachitini komwe amasungiramo malisiti.

Za Febuluwale kubwerera m'mbuyo tinazipeza pa kompyuta ya atcheya. Mndandanda wa ngongole wa mwezi wa Marichi unapezeka pa WhatsApp, chifukwa mlembi anali atautumiza kwa msungichuma. Zotsalazo, masabata pafupifupi atatu a zolemba, sizinapezeke paliponse. Bambowa anatulutsa m'chikwama kope lawo lachikuto cholimba, lothimbirira ndi fodya m'mphepete, n'kukhala pa benchi paja kuyamba kutaipanso ndi zala ziwiri, ine ndikuwawerengera mayina.